Malemu Desmond Clark ndi Banja Lomwe Lidafukula Nawo Kalambo

Wophunzira aliyense amene adasanthulapo mbiri ya makedzana ya chigawo chathu chino adakumanapo ndi dzina la John Desmond Clark. Ambiri timawadziwa bambowa ngati katswiri wofukula za m'mabwinja amene adatsimikizira dziko kuti Afirika ali ndi mbiri yakuya kuposa ya kontinenti ina iliyonse. Chomwe sitikambirana kawirikawiri m'makalasi mwathu n'chakuti ntchito yawoyo idali ntchito ya banja, ndipo siingamveke bwino tikachotsamo mayi a kunyumba kwawo, a Betty.

A Clark adabadwira ku London pa 10 Epulo 1916 ndipo adaphunzira ku Christ's College, pa yunivesite ya Cambridge. Kumeneko ndi kumene adadziwana ndi Betty Baume, yemwe ankaphunzira ziyankhulo. Kumayambiriro kwa 1938 adafika ku Livingstone, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, kudzayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Rhodes-Livingstone. Betty adawatsatira ndipo ukwati wawo udamangidwa chaka chomwecho. Mulungu adawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, a Clark adapita kukatumikira ku Ethiopia ndi ku Somalia. Ngakhale ali kunkhondoko sadasiye kutola zida zamwala, ndipo zomwe adasonkhanitsa zidabala buku la The Prehistoric Cultures of the Horn of Africa m'chaka cha 1954. Koma tifunse: kodi nyumba ya ku Livingstone ija idatsala m'manja mwa yani zaka zonsezo? Idatsala ndi Betty, amene adaiyendetsa kwinaku akulera. Mwamuna atabwerako adapeza ntchito ili chilili.

Pachimake pa moyo wawo ku Zambia padali pa mathithi a Kalambo, kumalire a Zambia ndi Tanzania, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, kumene madzi amagwa mamita oposa 200. M'chaka cha 1953 a Clark adaona zida zamwala zitasomphoka m'gombe la mtsinje kumtunda kwa mathithiwo, ndipo pakati pa 1956 ndi 1966 adabwererako kangapo kukafukula. Dothi la pamalopo lidasunga mibadwo yosanjikizana, kuyambira nkhwangwa zamwala za anthu oyambirira mpaka mapale a alimi osula zitsulo. Chodabwitsa koposa chidali mitengo: chifukwa chokhala m'nthaka yonyowa nthawi zonse, zidutswa za mitengo sizidaole, chinthu chosowa kwambiri kumadera otentha kumene chiswe sichisiya kanthu.

Pamsasa wa ofukula pamafunika chakudya, madzi, mankhwala ndi kaundula wa chinthu chilichonse chotuluka m'dzenje. Zambiri mwa izi zidali pamutu pa Betty. Kuwonjezera apo ndiye adajambula pamanja zida zamwala zochuluka zomwe zili m'mabuku a mwamuna wake. Wina angayese kuti kujambulako n'kukometsera buku chabe. Ayi ndithu. Chithunzi cha kamera sichionetsa bwino mbali yomwe mwala udamenyedwera ndiponso chipsera chomwe chidayamba ndi chomwe chidatsatira; wojambula ayenera kuuwerenga mwalawo kaye asadagwire cholembera. Choncho katswiri wa ku Harare kapena ku Zomba amene sadafikeko ku Kalambo amaiona miyala ija kudzera m'maso mwa Betty, ngakhale pachikuto pali dzina la mwamuna. A Clark eni ake sankabisa ngongole imeneyi, koma ife owerenga ndi amene timadumpha masamba a mawu othokoza. Pamasamba omwewo m'pamenenso pamabisala amuna a m'midzi yozungulira amene adagwira khasu ndi sefa.

M'chaka cha 1961 banjali lidasamukira ku Berkeley, ku California, kumene a Clark adaphunzitsa mpaka 1986. Sadaiwale kuno. M'zaka za 1965 ndi 1966 adafukula ku Karonga, pamudzi wa Mwanganda, pomwe adapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamwala, nkunena kuti anthu akale adasendera nyamayo pomwepo. Ofufuza am'mbuyo muno, atapimanso dothilo, adakayikira ngati mafupa ndi zidazo zidagwera pamodzi nthawi imodzi. M'chaka cha 1972 adafukulanso phanga la Mwana wa Chencherere ku Dedza, m'dera la Chongoni lomwe UNESCO idalizindikira mu 2006 chifukwa cha zojambula za pamiyala. Khomo lawo la ku California lidali lotsegukira ophunzira ochokera ku Afirika, ndipo mmodzi mwa amene adadutsa m'manja mwawo ndi Yusuf Juwayeyi, amene pambuyo pake adafukula ku Mankhamba, likulu la a Kalonga.

Lipoti la Kalambo lidawatengera moyo wonse. Buku loyamba lidatuluka mu 1969, lachiwiri mu 1974, pomwe lachitatu lidachita kudikira mpaka 2001, maso a mkuluyo atayamba kale kuchita chidima. A Clark adamwalira ndi chibayo ku Oakland pa 14 Febuluwale 2002 ali ndi zaka 85. Patangotha miyezi iwiri Betty adawatsatira, monga adachitira mu 1938.

Onse awiri sadakhale ndi moyo kuti amve zomwe gulu la Larry Barham lidalengeza mu 2023: kuti m'gombe lomwe lija la Kalambo mudapezeka mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa ndi manja a anthu zaka pafupifupi 476,000 zapitazo, mtundu wathu wa Homo sapiens usadaoneke.