Chinzonono: zizindikiro zake ndi mankhwala ake

Chinzonono ndi matenda opatsirana pogonana. Kuchipatala, pa Chipwitikizi, amati gonorreia. Anyamata ena m'tauni amangoti esquentamento, kunena kutentha kumene munthu amamva pokodza. Mukaona zilembo zitatu izi, ITS, pa chikwangwani kapena pa chitseko cha kuchipatala, dziwani kuti akunena matenda onse opatsirana pogonana: chinzonono, chindoko, mabomu ndi ena otero.

Chinzonono chimachira. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa anthu ambiri amachedwa kupita kuchipatala kaamba ka mantha ndi manyazi, ndipo kuchedwako ndi kumene kumawononga thupi.

Chimachokera kuti?

Chimene chimayambitsa chinzonono ndi kachilombo kakang'ono kwambiri ka mtundu wa bakiteriya. Ndi maso simungakaone. Dokotala wa ku Germany, Albert Neisser, ndiye anakazindikira mu 1879, n'chifukwa chake m'mabuku amakatchula kuti Neisseria gonorrhoeae. Dzinalo musavutike nalo. Chofunika kudziwa n'chakuti kachilomboka kamakonda malo ofunda ndi onyowa a m'thupi: njira ya mkodzo, khomo la chiberekero, kotulukira chimbudzi, kukhosi ndi m'maso. Kakatuluka m'thupi kamafa msanga.

Choncho simungatenge chinzonono podyera mbale imodzi, pomwera chikho chimodzi, popatsana moni wa m'manja kapena pokhala mpando wa mu chapa pamene wachokapo munthu wodwala. Za kulumpha mkodzo wa munthu panjira, zimenezo n'zongonena. Njira zake ndi ziwiri basi: kugonana popanda kondomu ndi munthu amene ali nacho, ndiponso mayi kupatsira mwana pa nthawi yobereka.

Si matenda a kuno kokha ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene pa Chipwitikizi amati OMS, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha chinzonono chinagwira anthu a zaka 15 mpaka 49 maulendo oposa 82 miliyoni. Kwathu kuno ife ndife anthu oyendayenda. Msewu wa N13 umadutsa ku Cuamba, Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga. Ku Cuamba kuli sitima ya ku Nampula. Pa Mandimba munthu amaoloka malire m'mawa kukagula katundu ku Chiponde, madzulo wabwerako. Ikafika nyengo yogulitsa fodya, ndalama zimayenda, anthunso amayenda. Sindikuloza chala madalaivala kapena amalonda. Kachilomboka sikasankha: kamagwira mlimi, mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo, ngakhale mayi amene sanayendepo ndi mwamuna wina kupatula wake.

Zizindikiro kwa abambo

Kwa mwamuna chinzonono sichichedwa kudziulula. Kawirikawiri pakapita masiku 2 mpaka 7 chigonaneni ndi munthu wodwala, amayamba kumva kuwotcha pokodza, ngati muli tsabola m'njira. Kenako kumaliseche kumatuluka mafinya oyera, achikasu kapena obiriwirako, amene amathimbirira pa kabudula wamkati. Ena machende amatupa n'kumawawa, nthawi zambiri mbali imodzi. Alipo abambo ena amene samva kanthu, koma ndi ochepa.

Zizindikiro kwa amayi

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu. Amayi ambiri amene ali ndi chinzonono samva kalikonse. Amalima, amaphika, amapita kumsika, osadziwa kuti ali ndi matenda. Ena amaona chikazi chasintha, chachuluka kapena chasanduka chachikasu. Ena amamva kuwawa pokodza, kuwawa m'chinena, kuwawa pokhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena amaona timagazi pamene si nthawi yawo yosamba. Zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzinyalanyaza. Mayi amangoti ndi mauka, n'kufuna mankhwala a zitsamba kwa anzake.

N'chifukwa chake mawu aja akuti "matendawa abwera ndi mkazi" ndi opanda chilungamo. Mwamuna ndiye amayamba kuona zizindikiro, inde, koma zimenezo sizisonyeza amene anayamba kudwala. Mwina ndi iye amene anabwera nawo, mwina ndi mkazi, mwinanso mmodzi wa iwo wakhala nawo miyezi ingapo osadziwa. Kuchipatala sangathe kukuuzani kuti anayamba ndani.

Musasokoneze ndi likodzo

Anthu a kufupi ndi nyanja ya Amaramba, mtsinje wa Lugenda ndi madambo amadziwa likodzo. Nalonso limapweteka pokodza, koma chizindikiro chake chachikulu ndi magazi mu mkodzo, makamaka pomaliza kukodza. Limachokera m'madzi momwe muli nkhono, osati pogonana, ndipo mankhwala ake ndi ena. Munthu amene amasodza kapena kulima mpunga angathe kukhala ndi matenda onse awiri nthawi imodzi. Kuchipatala fotokozani zonse: kaya ndi magazi, kaya ndi mafinya, kaya ndi zonse ziwiri.

Mukachisiya chimatani?

Nthawi zina mafinya amasiya okha pakapita milungu ingapo. Munthu amati wachira. Koma kawirikawiri kachilombo kamakhala kalipobe, ndipo amapitiriza kupatsira ena.

Kwa mayi, kachilomboka kamatha kukwera kuchoka pa khomo la chiberekero kukafika m'chiberekero ndi m'timachubu tiwiri timene dzira limadutsamo. Mmenemo mumatupa, mumachita mafinya, ndipo pochira mumatsala zipsera. Ganizirani ngalande ya m'dimba imene yatsekeka ndi matope. Tikatsekeka timachubu tonse tiwiri, dzira silingakumane ndi mbewu ya bambo, ndipo mayiyo satenga pakati. Kachubu kakangotsekeka pang'ono, mimba imatha kukhala m'kachubumo m'malo mokhala m'chiberekero. Mimba yotere siingakule bwino. Kachubu kamaphulika, magazi n'kumatayikira m'mimba, ndipo mayi angathe kufa ngati safika msanga pa chipatala chimene amachita opaleshoni, monga Hospital Rural de Cuamba. Kwa munthu wa kumudzi ku Ngauma kapena ku Mandimba, nthawi ya dzinja, ulendo wopita ku chipatala chachikulu si wapafupi.

Tonse tikudziwa zimene zimachitikira mayi amene papita zaka zitatu, zinayi, alibe mwana. Apongozi amayamba kulankhula. Ankhoswe amaitanidwa. Mbuzi ndi nkhuku zimathera kwa asing'anga, ndipo wina pamudzi amanamiziridwa kuti wamanga mimba ya mnzake. Si kusabereka konse kumene kumachokera ku chinzonono, zifukwa zilipo zambiri. Koma kwina kumachokeradi ku matenda amene jakisoni mmodzi akanachiza zaka zapitazo. Nayenso mwamuna angathe kukhala wosabereka ngati kutupa kwa machende kwatseka njira ya mbewu. Ena njira ya mkodzo imachepa, n'kumakodza modontheza. Mwa apo ndi apo kachilomboka kamalowa m'magazi n'kutupitsa mfundo za mafupa, monga mawondo ndi zigongono.

Palinso nkhani ya HIV. Pamene patupa ndi chinzonono, kachilombo ka HIV kamalowa mosavuta, ndipo munthu amene ali ndi matenda onse awiri amapatsira mnzake HIV mosavutanso. Kafukufuku wa boma wotchedwa INSIDA 2021 anapeza kuti m'dziko la Mozambique anthu akuluakulu 12 kapena 13 mwa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo ku Niassa ndi 8 mwa 100. Choncho akakuuzani kuti muyezetsenso HIV ndi chindoko, musaone ngati akukunyozani. Amauza aliyense wobwera ndi matenda a ITS.

Kuchipatala kumachitika zotani?

Pitani ku centro de saúde imene muli nayo pafupi. Achinyamata angafunse ngati pali chipinda cha SAAJ, chimene chimathandiza anyamata ndi atsikana paokha. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, mawu awiri awa akuthandizani: corrimento ndi zotuluka kumaliseche, ardor ndi kuwotcha. Koma lankhulani m'chinenero chimene mumamasuka nacho, kaya Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua, ndipo ngati simukumvana pemphani wina wa pachipatalapo akumasulireni.

M'zipatala zambiri zazing'ono mulibe makina oyezera chinzonono. Namwino amafunsa mafunso, amaona pamene pakuvuta, n'kupereka mankhwala potengera zizindikiro. Adzakufunsani kuti zinayamba liti, munagonana ndi anthu angati, ngati muli ndi pakati, ndiponso ngati mwamwa kale mankhwala ena. Yankhani zoona. Iye ntchito yake ndi yomweyo, waona anthu ambiri, ndipo malamulo a ntchito yake samulola kuulula za wodwala.

Mankhwala amene OMS imalimbikitsa masiku ano ndi jakisoni mmodzi wotchedwa ceftriaxona. Nthawi zambiri amawonjezerapo mapiritsi, chifukwa chinzonono chimakonda kuyenda ndi matenda ena ofanana nacho otchedwa clamídia, amene jakisoniyo sachiza. Mapiritsiwo angakhale azitromicina, akumwa kamodzi, kapena doxiciclina, akumwa m'mawa ndi madzulo masiku 7. Mayi woyembekezera asamwe doxiciclina, n'chifukwa chake muyenera kunena ngati muli ndi pakati kapena mukukayikira. Inu amene mwaphunzira kuwerenga, werengani dzina limene lalembedwa pa kapepala ka mankhwala, ndipo musachoke pa windo la farmácia musanamvetse kamwedwe kake. Kuwawa kukasiya tsiku lachitatu, pitirizani kumwa mpaka athe. Musasungire mnzanu otsala.

Za makapisozi a pamsika

Izi ndiye ndimakangana nazo kwambiri ndi abambo m'makalasi athu. Munthu akamva kuwotcha amathamangira pamsika, kugula makapisozi awiri kapena anayi, n'kumwa. Ena amachita kutsegula kapisozi n'kusungunula ufa wake m'chakumwa. Kuwawa kumachepa, iye n'kumati zatheka.

Vuto lake ndi ili. Kachilombo ka chinzonono kamazolowera mankhwala msanga kuposa tizilombo tambiri. Kale penisilini ankachiza bwinobwino, pano m'madera ambiri sagwiranso ntchito. Zinateronso ndi tetraciclina, kenako ciprofloxacina. Mankhwala ochepa, kapena osayenera, amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, ndipo tolimbato ndi timene timachulukana n'kupita kwa munthu wina. M'mayiko ena apezeka kale anthu amene ngakhale ceftriaxona anavuta kuwachiza. Wogulitsa pamsika sadziwa zimenezi, sadziwanso ngati makapisozi akewo anatha mphamvu padzuwa. Mankhwala a zitsamba nawo angakukodzetseni kwambiri, koma kukodza sikuchotsa kachilombo kamene kakhazikika m'kati mwa thupi.

Mnzanu uja

Mukachira nokha, mnzanu osalandira mankhwala, mudzatenganso matendawa usiku woyamba womwe. Thupi silizolowera chinzonono. Munthu angadwale kawiri, katatu, kakhumi. Choncho aliyense amene munagonana naye m'miyezi iwiri yapitayi ayenera kulandira mankhwala, ngakhale akunena kuti sakumva kanthu. Pa banja la mitala, ndiye kuti nyumba zonse. Ndipo musagonane mpaka patapita masiku 7 nonse mutalandira mankhwala, komanso zizindikiro zitatha.

Kunena n'kosavuta, kuchita n'kovuta, ndikudziwa. Tsiku lina tikuphunzira za umoyo, mayi wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ine ndikawauza bambo a kunyumba, si andithamangitsa?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindinaliyankhe mopepuka. Ngati mukuopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, muuzeni namwino zimenezo poyamba. Angathe kukupatsani kapepala koitanira mnzanu kuchipatala, kuti akamve kwa iwo osati kwa inu. Ena amasankha kunena chonchi: "Bambo a mwana, kuchipatala andipeza ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndiye akuti tipite tonse kuti asabwererenso." Kwa abambo ndinena mosabisa: inu ndi amene mumaona zizindikiro msanga. Mukakabayitsa jakisoni mwakachetechete ku Cuamba n'kubwerera kunyumba osanena kanthu, mkazi wanu atsala ndi matenda amene sakuwamva, ndipo mwana amene mukumufuna chaka chamawa mwina sadzabwera.

Kondomu, ya abambo kapena ya amayi, imateteza ngati mwaivala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'zipatala za boma amapereka ulere, ndipo m'masitolo muli ya Jeito. Mapiritsi olera, jakisoni wolera ndi kulera kwa pamkono zimateteza mimba yokha, osati chinzonono. Kusamba kapena kukodza mukangomaliza sikuthandizanso.

Ngati papita sabata mutalandira mankhwala koma mafinya kapena kuwawa kukadalipo, bwererani kuchipatala komweko ndi kapepala kanu. Mayi amene akumva kuwawa kwambiri m'chinena pamodzi ndi kutentha thupi, kapena amene wadumphitsa kusamba n'kuyamba kumva kupweteka mbali imodzi ya mimba ndi chizungulire, asadikire kuti kuche.

Maso a mwana wakhanda

Mwana akamabadwa amadutsa m'njira momwe muli kachilomboka, ndipo kangathe kulowa m'maso mwake. Pakapita masiku 2 mpaka 5, zikope zimatupa, maso amafiira n'kumatuluka mafinya ambiri, moti mwana amalephera kutsegula maso. Awa si manthongo wamba. Mafinya amenewa angathe kuboola diso m'masiku ochepa, mwana n'kukhala wakhungu moyo wake wonse.

N'chifukwa chake ku maternidade amapaka mankhwala m'maso mwa mwana akangobadwa. Ngati mwachilira kunyumba kapena panjira, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona mafinya m'maso mwa khanda, musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a zitsamba kapena mankhwala a m'maso a munthu wamkulu. Pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa amene azizira, sambani m'manja ndi sopo, n'kunyamuka. Mwanayo amafunika jakisoni, ndipo mayi ndi bambo ake alandire mankhwala tsiku lomwelo.