Udzu wonunkhira pa nthaka ya mchere

Ku Uttar Pradesh, kumpoto kwa India, kuli minda imene imayera mbuu m'chilimwe. Alimi akumeneko amaitcha usar, ndipo fumbi loyera la pamwamba pake amati reh. Kuyambira mu 1969, bungwe la Central Soil Salinity Research Institute la ku Karnal lakhala likufufuza njira zolimira nthaka yotereyi. Zina mwa mbewu zopirira pamenepo ndi udzu wa mafuta onunkhira: palmarosa, lemongrass ndi vetiva, udzu womwe uja wa m'milambala ya ku Malawi. Mafuta a vetiva ali ku mizu, ndipo ku Kannauj amapangira mafuta odzola.

Mbewuzi zimalola kuthiriridwa ndi madzi otayidwa a m'matauni chifukwa amazilimira mafuta, osati ndiwo. Mafuta ake amatchezedwa ndi nthunzi monga kachasu, choncho tizilombo toyambitsa matenda timafa ndi kutentha, ndipo zitsulo zapoizoni zambiri zimatsalira m'zinyalala.

Chovuta ndi mchere, ndipo apa akatswiri amasiyanitsa matenda awiri a nthaka amene anthu ambiri amawaphatikiza. Oyamba amawatcha salinity, kuchuluka kwa mchere wosungunuka. Amauyeza poona momwe madzi akudutsitsira magetsi, muyeso wotchedwa EC. Malinga ndi ndondomeko ya bungwe la FAO ya 1985, madzi osafika 0.7 dS/m ndi abwinobwino, koma opitirira 3 ndi oopsa. Mchere ukachuluka, mizu imalephera kuyamwa madzi, mbewu n'kufota dothi lili lonyowa. Mankhwala ake ndi leaching: kuthirira mopyola pang'ono zimene mbewu ikufuna, kuti madzi otsalawo atsike ndi mchere kunsi kwa mizu.

Achiwiri, sodicity, ndi oipa koposa. Sodiyamu akachuluka kuposa kashiamu ndi maginiziyamu, zimene muyeso wa SAR umaonetsa, dothi lamakande limaphwanyika n'kutseka timipata tonse. Madzi amangodikha pamwamba. Dzuwa likawala, nthaka imauma gwa. Kuthirira kokha sikuthandiza. Pamafunika jipisamu, yemwe kashiamu wake amakankha sodiyamu pa dothi, kenako madzi amutsuke. Kompositi ndi biochar, makala a zotsalira za mbewu, zimathandiza kufewetsa nthaka, ngakhale biochar wina amaonjezera mchere ndipo ayenera kuyezedwa kaye.

N'zomvetsa chisoni kuona mlimi akugula jipisamu pomwe munda wake ulibe ngalande zotulutsira madzi. Sodiyamu wochotsedwayo amasowa kolowera, ndipo amabwereranso pamwamba chinyezi chikauma.

Palinso nkhani imene imanyenga ambiri. Mchere wochepa nthawi zina umachulukitsa mafuta m'tsamba, koma masambawo amachepa ndipo fungo limatha kusintha. Ogula mafuta a palmarosa amayang'ana kuchuluka kwa geraniol, chinthu chopereka fungo m'mafutawo, choncho mlimi ayenera kuwerengera makilogalamu a mafuta pa hekitala, ndiponso kukayezetsa mafutawo asanagwirizane mtengo.