Za Munda wa Maluwa wa pa Blantyre Pakutha pa Dzinja

Mlendo amene afika pa Misyoni ya Blantyre mwezi wa May apeza maluwa a dzinja alikufota, masamba ao atachita chikasu, ndipo kapena anganene mumtima mwake kuti nchito ya m'munda yatha. Koma akulu amene anakalambira pa nchitoyi adziwa kuti nyengo yomweyo ndiyo isunga munda wa chaka cha mawa. Chifukwa chake pa chikondwerero ichi kuyenera kuti tikumbuke chiyambi cha munda uno.

Amisyoni oyamba ochokera ku Scotland anafika m'dziko la mfumu Kapeni mwezi wa October, chaka cha 1876, nakhala pamalo amene Henry Henderson anasankha. Mwa iwo munali John Buchanan, mlimi wodziwa za maluwa ndi zipatso. M'chaka cha 1878 anadza mlimi wina, Jonathan Duncan, atanyamula timitengo titatu ta khofi tochokera ku munda waukulu wa zomera wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, koma kamodzi kanakula, nikachita maluwa oyera onunkhira, nikabala. Ndipo mbeu zake zinayambitsa minda ya khofi m'mapiri a ku Shire kuno. Tsono onani kuti munda wonse ukhoza kutsamira pa mbeu imodzi yosungidwa bwino.

Alimi awa anachokera ku dziko limene nyengo zake zisiyana ndi zathu. Kwao October ndi November ndiyo miyezi yotsekera munda, pakuti usiku utalika, ndipo chisanu choumitsa madzi chigwa pa maluwa ndi kuwadetsa usiku umodzi wokha. Pamenepo mlimi adula mapesi a duwa lochedwa dahlia, nakumba mizu yake yonenepa yonga mbatata, naiumika, naisunga m'nyumba kufikira chisanu chitapita. Duwa limeneli kwao kweni kweni ndi ku Mexico. Mbeu zake zinafika ku Madrid m'chaka cha 1789, ndipo analicha dzina la Anders Dahl, wodziwa zomera wa ku Sweden. Popeza linabadwira kumene nthaka siiuma ndi chisanu, silingathe kupirira dzinja la ku Scotland lopanda munthu wolisamala.

Koma atafika kuno anapeza zonse zitatembenuka. October, mwezi umene kwao atsekera munda, kuno ndiwo wa dzuwa loswa mtengo, pamene anthu asosa ndi kuyang'ana kumwamba kudikira mvula. Munda wa kuno utsekedwa mu April ndi May, mvula itakata. Ndipo mdani wake wamkulu si chisanu ai, koma chilala cha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, pamodzi ndi chiswe ndi anankafumbwe. Mabuku a ku Ulaya sanathe kuwaphunzitsa zimenezi.

Nzeru yofunikayo inalipo kale m'midzi. Amai a kuno anadziwa kusankha ngala zabwino za mapira ndi kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzichinjirize, ndiponso kusanganiza nyemba ndi phulusa mumphika womata pakamwa. Chimene chisunga nyemba chisunganso njere za maluwa. Kufikira lero wosamala munda asiya maluwa okongola koposa kuti aumire pa phesi, napukusa njere zake dzuwa litakwera, mame atauma, naziika pouma. Adulira mitengo ya maluwa, naphimbira mizu yake ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Ndiponso miyezi yozizira ya June ndi July, imene nkhungu ya chiperoni itsika, ndiyo iyenera maluwa ambiri a ku Ulaya, pokhapokha munthu asatope kuthirira.

Maina a Buchanan ndi Duncan analembedwa m'mabuku. Koma anthu a kuno amene anatunga madzi chilimwe chonse, nakumba mizu, nasunga njere chaka ndi chaka, ambiri a iwo maina ao sanalembedwe. Inu achinyamata amene mudzalandira munda uno, pakuona duwa lofota mwezi wa May musafulumire kulizula. Yambani mwayang'ana ngati njere zake zakhwima, monga anachitira akulu aja.