Mlandu suwola: Aherero, Anama ndi ngongole ya dziko la Germany

Pa 28 Meyi 2025, boma la Namibia linachita koyamba mwambo wokumbukira kupululidwa kwa Aherero ndi Anama. Pulezidenti Netumbo Nandi-Ndaitwah anatsogolera mwambowo mumzinda wa Windhoek ndipo makandulo anayatsidwa, koma atsogoleri ena a mitundu iwiriyi sanapondeko phazi. Eni maliro kukana kufika pamaliro awoawo, ndiye kuti pali chimene chatsitsa dzaye.

Germany inayamba kulamulira dzikoli mu 1884. Aherero anali anthu a ng'ombe, ndipo kwa iwo khola linali chakudya, ulemu komanso njira yolumikizirana ndi makolo. Atsamunda ankalanda mabusa ndi zitsime pang'onopang'ono, amalonda ankakusa ziweto pa ngongole, ndipo mliri wa ng'ombe wa mu 1897 unasiya makola ambiri ali gwa. Mu Januwale 1904, mfumu Samuel Maharero inatsogolera anthu ake kuukira.

Boma la Germany linatumiza mkulu wa asilikali, Lothar von Trotha. Nkhondo ya ku Waterberg ya pa 11 Ogasiti 1904 itatha, Aherero anathawira m'chipululu cha Omaheke, amuna, amayi, ana ndi ziweto zomwe. Asilikali anatseka njira zonse zopita kumadzi. Pa 2 Okutobala, von Trotha analamula kuti Mherero aliyense wopezeka m'dzikomo awomberedwe, kaya ali ndi mfuti kaya alibe. Mwezi womwewo Anama nawo anaukira motsogozedwa ndi Hendrik Witbooi, amene anafera kunkhondo mu 1905. Opulumuka anawatsekera m'misasa yogwiritsa ntchito yakalavulagaga, ndipo woipitsitsa unali wa pa Shark Island pafupi ndi Lüderitz, kumene mphepo yozizira ya m'nyanja, njala ndi matenda zinkatha anthu tsiku ndi tsiku. Akatswiri a mbiri amayerekeza kuti pofika 1908 anali atafa Aherero pafupifupi 65,000 mwa 80,000, ndi Anama pafupifupi 10,000, theka la mtundu wonse. Malo ndi ng'ombe zawo zinalandidwa mwalamulo. Zigaza za ena zinatumizidwa ku Germany kuti azikaziyeza pofuna kutsimikizira bodza lakuti munthu wakuda ndi wochepekedwa.

Kenaka kunangoti zii kwa zaka zambiri. Namibia italandira ufulu mu 1990, mfumu ya Aherero Kuaima Riruako inayamba kuutokosa mlanduwu, mpaka kukasuma ku America mu 2001. Mu 2004 nduna ya ku Germany, Heidemarie Wieczorek-Zeul, inapempha chikhululukiro pamwambo wokumbukira zaka 100, koma boma lake silinafune kumva za chipukuta misozi. Zigaza 20 zinabwerera kwawo mu 2011, zina zinatsatira mu 2014 ndi 2018. Baibulo ndi chikwapu cha Witbooi zinabwezedwa kuchokera ku Stuttgart mu 2019.

Zokambirana za maboma awiriwa zinayamba mu 2015, Zed Ngavirue akuimira Namibia, Ruprecht Polenz akuimira Germany. Mu Meyi 2021 nduna ya zakunja ya Germany, Heiko Maas, inalengeza kuti dziko lake lavomereza kuti uku kunali kupulula mtundu wa anthu, koma inaonjezera kuti zili choncho poziona ndi maso a lero. Inalonjeza mayuro 1.1 biliyoni, operekedwa m'zaka 30, othandizira chitukuko monga misewu, madzi, magetsi ndi kugula malo.

Mkangano wagona pamawu amenewa. Germany imati malamulo oletsa kupulula mtundu anakhazikitsidwa mu 1948, choncho sangagwire mlandu wa mu 1904; zimene ikupereka ndi chizindikiro cha chisoni basi. Aherero ndi Anama amayankha ndi funso lovuta kulizemba: nanga bwanji mu 1952 West Germany inasaina pangano ku Luxembourg lolipira Israel mamaki 3 biliyoni, ndi kukhalanso pansi ndi bungwe loimira Ayuda okhala kunja kwa Israel, chikhalirecho milanduyo inachitikanso 1948 isanafike? Mfumu yaikulu ya Aherero, Vekuii Rukoro, inati mgwirizano wa Germany ndi Namibia wa mu 2021 ndi chipongwe.

Ine ndikuona kuti Rukoro sanalakwitse. Thandizo munthu amapereka akafuna, ndipo wolandira amawomba m'manja. Chipukuta misozi ndi ngongole, ndipo wopalamula sadzigamulira yekha chindapusa. Boma la Namibia lili ndi mfundo yake, yakuti ndilo limaimira nzika zonse, komanso linaitana mafumu ena kuti azilangiza. Komabe lamulo la von Trotha linatchula Aherero ndi dzina, osati Namibia, dziko limene kunalibe nthawi imeneyo. Zidzukulu za amene anawoloka chipululu kukafika ku Botswana, kumene Maharero anamwalirira mu 1923, zimafunsanso kuti gawo lawo lili kuti.

Ngavirue ndi Rukoro onse anamwalira ndi Covid-19 mu Juni 2021, patangopita masabata ochepa chilengezereni mgwirizanowo. Nyumba ya malamulo ya Namibia inaukambirana mokokanakokana, ndipo mu 2023 nkhani inalowa kukhoti lalikulu ku Windhoek. Ponena za malo, kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya mafamu akuluakulu inali m'manja mwa azungu, ena mwa iwo zidzukulu za atsamunda a Chijeremani. M'madera ena, Mherero wofuna kukaona manda a agogo ake amayamba waima pageti, kudikira chilolezo cha mwini famu.