Kunenepetsa ng'ombe ya chionetsero: masamu a sikelo ndi malire a chifu

Chaka chilichonse achinyamata zikwizikwi m'dziko la America amapita ndi ng'ombe zamphongo zofulidwa ku zionetsero za zaulimi, komwe oweruza amaziyang'ana, kuzipapasa ndi kusankha zopambana. Ambiri mwa achinyamatawa ndi mamembala a 4-H, gulu lomwe mizu yake ili m'makalabu a ana a alimi omwe adayamba ku Ohio mu 1902, kapena a FFA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ku Kansas City mu 1928. Zionetsero zikuluzikulu ndi zakale ndithu: cha ku Fort Worth chidayamba mu 1896, cha National Western ku Denver mu 1906, ndipo cha ku Houston mu 1932.

Pa mpikisanowu pamayenda ndalama zambiri. Mu 2022 ng'ombe yopambana ku Houston idagulidwa pamtengo wa $1 miliyoni, ngakhale kuti mwini ng'ombe amalandirako gawo chabe ndipo zotsalazo zimapita kuthumba la maphunziro. Komabe ana ambiri amapikisana m'zionetsero zazing'ono za m'maboma, komwe nkhawa yawo imakhala yakuti mtengo wa pamsika ubweze ndalama zogulira thole ndi chakudya. Woweruza amakhala ndi ng'ombe kwa mphindi zowerengeka, koma zomwe amaonazo zimakhala zotsatira za kadyetsedwe ka miyezi 6 kapena 9. Kilogalamu yomwe idaphonyeka kumayambiriro sibwezeka mwaphuma kumapeto popanda kuika moyo wa chiweto pachiswe.

Kuwerengera chammbuyo

Ntchito imayamba ndi tsiku la chionetsero. Ng'ombe zambiri zimaonetsedwa zili ndi miyezi yapakati pa 14 ndi 18, zikulemera makilogalamu 500 mpaka 635. Woweta amasankha kulemera komwe akufuna, kuchotserapo kulemera kwa lero, kenaka kugawa zotsalazo ndi masiku omwe atsala.

Tiyerekeze kuti thole likulemera makilogalamu 300, chionetsero chili patsogolo ndi masiku 200, ndipo cholinga ndi makilogalamu 580. Zikufunika ndi makilogalamu 280, kutanthauza 1.4 patsiku. Izi n'zotheka, chifukwa ng'ombe yodyetsedwa bwino imawonjezera pakati pa makilogalamu 1.1 ndi 1.6 patsiku. Masamu akafuna makilogalamu 2 tsiku lililonse, ndiye kuti thole ndi laling'ono pachionetserocho. Akafuna 0.7 yokha, ndiye kuti lidzakhwima nthawi isanakwane.

Masamu omwewa amasonyezanso mtengo wa ntchitoyi. Kuti ng'ombe iwonjezere kilogalamu imodzi imadya makilogalamu 6 kapena 7 a chakudya, choncho makilogalamu 280 aja afuna chakudya pafupifupi makilogalamu 1,800.

Cholinga chimatengeranso mtundu ndi msinkhu wa ng'ombe. Mitundu ya ku Britain monga Angus ndi Hereford imayamba kuika mafuta msanga, pamene Charolais, Simmental ndi Maine-Anjou zimakula mafupa ndi mnofu kwa nthawi yaitali zisanayambe kunona. Ng'ombe ziwiri zolemera mofanana zingathe kusiyana kwambiri: ina itakhwima, inzake isanafike.

Zomwe zimachitika m'chifu

Chomwe chimaletsa kufulumira ndi kapangidwe ka mimba ya ng'ombe. Monga nyama zambiri zobzikula, ng'ombe ili ndi zigawo 4 za mimba, ndipo m'chigawo chachikulu, chifu, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timagaya chakudya. Tizilombo togaya udzu n'tosiyana ndi togaya chimanga, ndipo pamafunika masabata 3 kapena 4 kuti chifu chizolowere chakudya chatsopano.

Ng'ombe yozolowera udzu ikapatsidwa chimanga chambiri mwadzidzidzi, chimangacho chimasasa msanga ndipo asidi amachuluka m'chifu. Muyeso wa pH, womwe umakhala pakati pa 6 ndi 7 ng'ombe ikamadya udzu, umatsika kufika pansi pa 5.5. Vutoli limatchedwa acidosis. Ng'ombe imasiya kudya, imatsegula m'mimba, ndipo ndowe zake zimakhala zamadzimadzi, zotuwa ndi zathovu. Vuto likakula, mimba imafufuma kumanzere, ziboda zimatupa m'kati n'kuyamba kukula mokhota, ndipo chiweto chimatha kufa. Yomwe yapulumuka imataya masabata angapo isakunenepa, ndipo yopunduka ziboda siyenda bwino pamaso pa woweruza.

N'chifukwa chake alangizi a ziweto amati thole liyambe ndi udzu wouma wambiri ndi chakudya chambewu chochepa, kenaka chiziwonjezeredwa pang'onopang'ono, pafupifupi theka la theka la kilogalamu pakatha masiku 2 kapena 3 alionse. Ngakhale kumapeto kwenikweni, udzu wouma wa kilogalamu imodzi kapena ziwiri patsiku suchotsedwa. Udzu ndiwo umachititsa ng'ombe kubzikula, ndipo malovu omwe imameza pobzikula amachepetsa mphamvu ya asidi.

Magawo a kadyetsedwe

Ng'ombe yomwe yazolowera imadya chakudya chokwana 2 mpaka 3 peresenti ya kulemera kwake patsiku, poyeza chakudya chouma. Ya makilogalamu 400 imadya pafupifupi makilogalamu 10. M'miyezi yoyamba cholinga chimakhala kukuza mafupa ndi mnofu, choncho chakudya chimakhala ndi mapuloteni a 12 mpaka 14 peresenti, kuchokera ku soya kapena njere za thonje, pamodzi ndi mbewu zopepuka monga oats. M'masiku 100 kapena 120 omaliza chimanga chimachuluka kuti ng'ombe iike mafuta.

Chakudya chimaperekedwa kawiri patsiku, nthawi yofanana m'mawa ndi madzulo, ndipo chotsala chimachotsedwa chisanavunde. Kuyeza chakudya kumachitika ndi sikelo osati chidebe, popeza chidebe cha chimanga chimalemera kuposa cha oats. Ng'ombeyo nayo imakwera sikelo masabata 2 kapena 4 alionse, nthawi yofanana isanadye, chifukwa zomwe zili m'mimba zimasintha kulemera ndi makilogalamu angapo.

Madzi ndi mbali ya chakudya. Ng'ombe yaikulu imamwa malita 40 mpaka 70 patsiku malinga ndi kutentha, ndipo ikachepetsa kumwa imachepetsanso kudya. Ku Texas ndi madera ena otentha oweta amaika mafani m'makola pofuna kuti ng'ombe zisasiye kudya m'chilimwe. Mchere umafunikanso kusamala. Mbewu zili ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa, ndipo zimenezi zimayambitsa timiyala m'chikhodzodzo, vuto lomwe limavuta kwambiri ng'ombe zofulidwa chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yopapatiza. Chakudya chabwino chimakhala ndi magawo 2 a calcium pa gawo limodzi la phosphorus.

Chomwe woweruza amafuna

Ng'ombe yolemera koposa siyo imapambana nthawi zonse. Woweruza amayendetsa dzanja pa nthiti ndi pamsana kuti amve kukhuthala kwa mafuta, ndipo muyeso womwe umakondedwa ndi pafupifupi sentimita imodzi pa nthiti ya nambala 12. Mafuta otero amapereka chiyembekezo chakuti nyama idzalowa m'gulu la Choice pa magiredi a unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, omwe amatengera timizere ta mafuta m'kati mwa mnofu. Mafuta akachepa, nyama imatsika giredi. Akachuluka, amangodulidwa n'kutayidwa kokonzera nyama, ndipo ndalama za chakudya zimakhala zapita pachabe.

Choncho miyezi iwiri yomaliza ndi yowongolera. Ng'ombe ikatsogola, woweta amachepetsa chimanga n'kuwonjezera udzu, oats kapena makoko a thonje, kuti idye ikhute koma isanenepe mofulumira. Kuimana chakudya kumaichotsa mnofu ndi maonekedwe abwino. Ikatsalira, amaidyetsa katatu patsiku kapena kuwonjezera mafuta pang'ono m'chakudya, osapitirira pafupifupi 6 peresenti, chifukwa mafuta ochuluka amasokoneza tizilombo togaya udzu.

Ulendo wopita kuchionetsero umafunika kuwerengedwanso. Ng'ombe imatha kutaya 3 peresenti ya kulemera kwake kapena kuposerapo panjira, ndipo zina zimakana madzi a m'tauni chifukwa cha fungo la chlorine. Popeza zionetsero zambiri zili ndi malire a kulemera, ng'ombe yofika itaperewera ndi makilogalamu ochepa chabe imatha kubwezedwa.

Mankhwala ndi malamulo

Ng'ombe za chionetsero zimathera kophera, choncho malamulo a chakudya cha anthu amazikhudza. Mankhwala alionse ali ndi masiku ake oyenera kudikira chiweto chisanaphedwe, ndipo zionetsero zikuluzikulu zimayeza mkodzo kapena magazi a ng'ombe zopambana. Mankhwala okulitsa mnofu a clenbuterol ndi oletsedwa pa ziweto zodyedwa m'dzikolo, ndipo wopezeka nawo amalandidwa mphotho ndi ndalama zomwe.

Kuno ku Malawi, alimi onenepetsa ng'ombe m'khola ndi madeya ndi zotsalira za m'munda amakumana ndi chifu chomwecho. Manambala a ku America sangagwire ntchito pa Malawi Zebu, yomwe ndi yaing'ono thupi ndipo imakula pang'onopang'ono. Koma mlimi wofuna kugulitsa ng'ombe nyengo ya Khirisimasi kapena Eid akhoza kuwerengera chammbuyo chimodzimodzi, kuyambitsa madeya pang'onopang'ono kwa masabata 3 kapena 4, ndi kuonetsetsa kuti udzu ndi madzi sizikusowa m'khola.