Kuchokera pa Tiketi Kufika pa Kompyuta: Mbiri ya Ntchito M'minda ya Tiyi ku Thyolo

Tiyi sanayambire ku Thyolo. Mbewu zoyamba zinafikira ku Mishoni ya Blantyre, komwe amishonale a ku Scotland anaziyesa m'dimba lawo, ndipo mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje. Nthawi imeneyo azungu eni minda mtima wawo unali pa khofi. Khofiyo atagwa mtengo n'kugwidwanso ndi matenda, ambiri ku Thyolo anathamangira fodya ndi thonje, tiyi n'kumabwera pambuyo pang'onopang'ono. Njanji yodutsa pa Luchenza, imene inafika ku Blantyre mu 1908, ndiyo inatsegula njira yotumizira katundu kunja.

Malo anali atalandidwa kale. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapatsa azungu zikalata zowatsimikizira umwini wa malo amene ankati anagula kwa mafumu, ena atangopereka nsalu ndi mikanda. Malo aakulu a Eugene Sharrer anadzakhala a kampani ya British Central Africa Company. Chimene chinkasowa chinali manja. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anafika opanda pomanga, ndipo eni minda anawalandira pa pangano lakuti azilipira malo ndi thukuta lawo. Limeneli ndilo thangata. Boma nalo linaikapo dzanja: kuyambira mu 1901 msonkho wa nyumba unali mashileni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira atatu okha.

Luso loyamba limene linalamulira moyo wa wantchito silinali makina ayi, linali kapepala kotchedwa tiketi. Tsiku lililonse kalaliki ankachongapo, ndipo mwezi unkatha pamene masiku 30 achongedwa. Kapitawo akanena kuti mgwazo sunathe, tsikulo silinkalembedwa, moti mwezi umodzi wa pa tiketi unkatha kudya miyezi iwiri ya munthu, kumunda kwake kuli thengo. Wantchito sankadziwa kuwerenga, cholembera chinali m'manja mwa wina. Madandaulo otere anamveka kwambiri pa kafukufuku amene anachitika John Chilembwe ataukira mu 1915.

Maclean Kay anayamba esiteti ya Satemwa mu 1923, ndipo mayina a Conforzi ndi Naming'omba anamveka m'zaka zomwezo ndi zotsatira. Mwayi waukulu unachokera kutali. Mu 1933 India, Ceylon ndi zilumba zolamulidwa ndi Adatchi zinagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja, mitengo n'kukwera, mapiri a Thyolo n'kubiriwira. Mafakitale anamangidwa pakati pa minda chifukwa tsamba lothyoledwa silichedwa kuwonongeka: liyenera kufota, kudulidwa, kusintha mtundu ndi kuumitsidwa pa moto wa nkhuni za bulugamu. Kuyambira pamenepo nthawi ya anthu inayamba kuyendera kulira kwa fakitale.

Ukali wa anthu pa nkhani ya malo unaphulika mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo zinaphetsa anthu 11. Thangata linathetsedwa mu 1962, ndipo mu 1967 boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti alimi ang'onoang'ono nawo azilima tiyi. Koma minda ikuluikulu inatsala momwemo, n'chifukwa chake mpaka lero mlendo amadabwa kuona midzi itapanikizana m'mphepete mwa esiteti, chimanga chili pamalo otsetsereka posayenera khasu.

Akatswiri ofufuza za tiyi ku Mulanje anatulutsa mitundu yatsopano ya tiyi monga SFS 150 ndi PC 108, yobzalidwa ndi timitengo m'malo mwa njere. Imeneyi ndi ntchito yoyamikika ndithu, ndipo mitunduyi inafika mpaka kumayiko ena. M'fakitale munalowa makina odula tsamba mwachangu. Kumunda kokha zinthu zinachedwa kusintha: mayi ndi dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, dzuwa kapena mvula. Mlingo wa tsiku umene unkatchulidwa m'maesiteti ambiri unali makilogalamu 44, opitirira pamenepo n'kulipidwa padera.

Tsopano kwabwera masizasi okhala ndi kabokosi, makina othyolera ogwiridwa ndi anthu ochepa, ndi masikelo a batire amene m'maesiteti ena amatumiza kulemera kwa tsamba ku kompyuta ya ku ofesi. Ubwino wake ulipo. Kalaliki wa dyera sangabenso makilogalamu mosavuta ngati kale, ndipo malipiro sachedwa kuwerengedwa. Komabe munthu amene analemba pulogalamu ya kompyutayo, kaya ali ku Blantyre, ku Nairobi kapena ku Ulaya, sanathyolepo tsamba. Anauzidwa kuti pulogalamuyo izichotsa mwakuti chifukwa cha dengu, mwakuti chifukwa tsamba lanyowa ndi mvula, iye n'kulemba momwemo. Kapitawo unkatha kukangana naye. Nanga kompyuta ungaiuze chiyani?

Mu 2015 makampani ogula tiyi kunja, eni maesiteti ndi mabungwe anayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro, ndipo mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito la PAWU. Malipiro anakwera, ngakhale kugwa kwa kwacha kwadya mbali yaikulu ya phindulo.

Pa zokambirana za malipiro zam'tsogolo, atsogoleri a antchito asangofunsa za mtengo wa kilogalamu. Afunsenso kuti sikelo amayesa ndani, pulogalamu imachotsa zingati, makina akalowa ochotsedwa ntchito adzapita kuti, ndiponso kuti wothyola aliyense azilandira kapepala kosonyeza makilogalamu ake tsiku lomwelo, m'chilankhulo chimene amamva.