Zomwe maginito amauza za mvula yakale ku Luochuan

Ku Luochuan, kumpoto kwa China, madzi adang'amba zigwa zakuya n'kusiya poyera dothi lachikasu lokhuthala mamita oposa 130. Dothili, lotchedwa loess, ndi fumbi lomwe mphepo yakhala ikutuntha kuchokera kuzipululu kwa zaka pafupifupi 2.6 miliyoni. M'makoma a zigwazi muli mizere yosinthana: yachikasu ya nthawi yozizira ndi youma, ndi yofiirira ya nthawi yofunda ndi yamvula, pamene fumbi linkapeza mpata wosanduka nthaka. Mu 1982 Friedrich Heller ndi Liu Tungsheng adapeza zaka za mizereyi potsata nthawi zomwe maginito a dziko lapansi adatembenuka, ndipo adaonanso kuti mizere yofiirira imakokedwa ndi maginito kwambiri kuposa yachikasu.

Mkangano udali pa chifukwa chake, ndipo phindu lonse la njira yowerengera mvula yakale ndi maginito lagona pamenepa. George Kukla ndi anzake, mu 1988, ankati timbewu ta maginito timagwa kuchokera mumlengalenga mofanana nthawi zonse, kungoti nthawi youma fumbi lochuluka limatisukulutsa. Ganizoli linali lokoma kumva, poti likanalola kuwerengera zaka ndi maginito okha. Koma mu 1990 Zhou Liping, Frank Oldfield ndi anzawo adasonyeza kuti gawo la timbewu tosaoneka ndi maso ta magnetite ndi maghemite timapangika m'nthaka momwemo, ikamanyowa ndi kuuma mobwerezabwereza. Motero makina oyezera maginito amayeza ntchito yomwe madzi adagwira m'dothi, ndipo Barbara Maher ndi Roy Thompson adatha kuyerekeza mvula yakale pofananitsa ndi nthaka ya lero ya m'dera lomwelo.

Otsutsa amaloza ku Alaska ndi ku Siberia, komwe zinthu zili chozondoka: mizere ya nthawi yozizira ndiyo ili ndi maginito ambiri. Mfundoyi ndi yoona, ndipo kuinyalanyaza n'kudzinamiza. Komabe sikugwetsa ntchito ya ku China. Ku Alaska ndi ku Siberia mphepo yamkuntho ya nthawi yozizira inkanyamula timiyala tolemera ta magnetite, ndipo nthaka yomwe madzi ankadikhamo inkasungunula timbewu tating'ono tija. Chomwe chagwa ndi chiyembekezo chakuti muyezo umodzi ungakwanire dziko lonse. Wofuna kuwerenga mvula m'dothi ayenera kuyamba wadziwa kumene maginito a dothilo adachokera, kumphepo kapena kumadzi, asanakhulupirire nambala iliyonse yomwe makina amupatsa.